Makhadi a mapepala otayidwa: kupanga kwake ndi kugulitsa pa foni muno mu Blantyre

Sabata siitha popanda wina kundilembera kuti, "Asisi, makhadi aja mumapanga bwanji? Tandiphunzitsaniko." Poyamba ndinkayankha aliyense payekhapayekha, kujambula mawu mphindi zisanu, wina akabwera n'kuyambiranso, mpaka bandulo kutha mwezi usanafike pakati. Ndiye ndalemba kamodzi pano. Wodzandifunsanso ndidzangomutumizira zimenezi.

Luso lake si lachilendo mumzinda muno. Bungwe la PAMET lidatchuka kalekale ndi mapepala opanga pamanja, ena a ulusi wa nthochi, ena mpaka a ndowe za njovu. Chatsopano ndi foni basi. Lero simufunika malo ku Victoria Avenue pafupi ndi anyamata a ziboliboli, mutha kugulitsa muli pakhonde panu ku Chilomoni kapena ku Bangwe. Koma ndikuuziretu, kupanga pepala n'kosavuta, mwana wa Sitandade 5 atha. Chimene chimagwetsa anthu ndi kuliumitsa, ndipo pamenepo ndi pomwe ndikhalitsepo.

1. Sankhani chinthu chimodzi musanagule kalikonse

Ambiri amafuna kuyamba ndi zonse: makhadi, makope, mikanda ya mapepala, timatumba, mafelemu a zithunzi. Musatero. Chinthu chilichonse chimafuna chikombole chakechake ndi pepala la makulidwe akeake. Yambani ndi khadi lopinda pakati. Pepala la A5, la mamilimita 148 ndi 210, mukalipinda limakhala A6 ndipo limalowa bwinobwino mu envulopu ya C6 imene mupeza m'mashopu a zolembera ku Limbe ndi m'tauni. Mukangopanga saizi yanuyanu, mudzavutika kusaka envulopu yake, mapeto ake mudzipanganso nokha, ntchito iwiri pa mtengo umodzi.

Khadi limodzimodzilo limayenda pa chinkhoswe, pa ukwati, pa tsiku lobadwa, pothokoza. Timatumba ta mapepala tili ndi msika, makamaka chiletsereni boma majumbo opyapyala, koma timafuna pepala lolimba kwambiri. Mudzatiganizira dzanja likazolowera.

2. Mapepala abwino ndi oipa

Abwino ndi a mu ofesi, oyera aja osindikizidwa kale, makope akale a ana asukulu, ndi zodula zotsala kwa osindikiza mabuku. Pitani cha ku Ginnery Corner kapena kwa aliyense wa makina odulira mapepala pafupi ndi kwanu, mupemphe zimene amasesa pansi. Ena angokupatsani, ena afuna kangachepe ka Fanta.

Nyuzipepala isiyeni pokhapokha mukufuna pepala lotuwa ngati phulusa. Inki yake imadetsa phala lonse la mapepala osinja, ndipo ikakhalitsa imasanduka yachikasu. Magazini onyezimira sasungunuka bwino chifukwa cha zimene amapaka pamwamba. Malisiti a pa tilu ndi a ATM ali ndi mankhwala, asalowe mu ndowa yanu. Pepala lokhudza mafuta, ngati lokulungira chipisi kapena mandasi, limasiya madontho osauma. Chotsani mapini, selotepi ndi tipulasitiki ta pa maenvulopu a windo.

Kuwerengera kwake nkosavuta. Pepala limodzi la A4 la mu ofesi limalemera magalamu 5, ndiye kilogalamu imodzi ndi mapepala 200. Khadi lokhuthala bwino limadya mapepala otere ngati awiri. Katoni imodzi ya zinyalala za mu ofesi ikukwanirani miyezi.

Chenjezo limodzi: m'zinyalala za m'maofesi mumapezeka mayina a anthu, malipiro awo, nthawi zina ndi zachipatala. Zing'ambireni pomwepo pamaso pa amene wakupatsani. Kachidutswa kokhala ndi dzina la munthu kakaonekera pa khadi la ukwati, mbiri yanu yatha tsiku lomwelo.

3. Zipangizo

Uzani kalipentala akukhomereni mafelemu awiri ofanana ndendende, mkati mwake mopitirira A5 ndi theka la sentimita mbali zonse, chifukwa pepala limafota likamauma. Pa felemu imodzi akhomepo waya wa sefa wa pamawindo uja, aukoke mpaka uzilira ngati ng'oma mukaugogoda. Imeneyi ndimaitcha sefa. Inayo ikhale yopanda kanthu, ndiyo chikombole, imakhala pamwamba kuti phala lisasefukire m'mbali. Matabwawo awapake vanishi, apo ayi apindika pakatha mwezi. Neti ya udzudzu musadule, ili ndi mankhwala, imakhwepa, ndiponso ntchito yake ndi kuteteza ana.

Zina muli nazo kale: beseni lalikulu loposa sefa yanu, ndowa ziwiri, siponji, matabwa awiri osalala, njerwa, ndi nsalu zambiri. Zambiri ndithu. Mashiti akale a ku kaunjika, oyera kapena osachucha mtundu, muwadule tizidutswa toposa A5 pang'ono. Chitenje chatsopano chimasiya mtundu pa pepala, ndinaphunzira mochedwa.

4. Phala

Ng'ambani mapepala ndi manja tizidutswa ngati sitampu. Osadula ndi sizasi, kung'amba kumasiya ulusi wautali. Nyikani m'madzi usiku wonse. M'mawa finyani, ikani mu mtondo, sinjani ngati mukusinja chigwada. Amene ali ndi bulenda atha kugwiritsa ntchito, kachikhatho kamodzi ka mapepala m'madzi ambiri, koma magetsi akazima ntchito yaima, ndipo mota wake umapsa msanga. Ine mtondo ndi umene sunandikhumudwitsepo. Ungokhala wakewake, osati womwe mumasinjira nsinjiro.

Kuti mudziwe ngati lapsa, tapani pang'ono, ponyani m'botolo la madzi, khutchumulani, yang'anani kudzuwa. Mukaona timibulu, bwererani ku mtondo. Likaoneka ngati mtambo, lakwana.

Pepala lobwezeretsedwa lili ndi ulusi waufupi, ndiye limathetheka popinda. Mankhwala ake ndi nthochi. Tengani makungwa a thunthu la nthochi, duladulani, wiritsani maola angapo mu chidulo, chomwechija agogo amatcheza kuphulusa pophika therere. Chidulo chimafewetsa n'kusiya ulusi wokha. Tsukani mpaka madzi asiye kuterera, sinjani, sakanizani gawo limodzi pa magawo anayi a phala la mapepala. Khadi limalimba, ndipo timizere ta bulauni timeneti ndi timene ogula amakonda.

Pomaliza, sitachi. Popanda iyeyu inki imayenderera ngati mwalemba pa tishu. Phikani kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kapu imodzi ithireni mu beseni. Guluu woyera wa matabwa, masupuni awiri, amagwiranso. Yesani ndi cholembera pa pepala louma musanapange ambiri.

5. Kuvuula ndi kugoneka

Dzazani beseni madzi kupitirira theka, thirani phala, vundulani ndi dzanja. Gwirani sefa ndi chikombole pamodzi, lowetsani chopendeketsa kuchokera kutsogolo, wongolani pansi pa madzi, kenaka tulutsani mosadukiza. Madzi akamatsika gwedezani pang'ono uku ndi uku ngati mukupeta mofatsa, kuti ulusi ulukane. Chotsani chikombole mosamala, dontho limodzi likagwera pa phala limasiya chiboo.

Tembenuzirani sefa pa nsalu yonyowa pang'ono, kuyambira m'mphepete imodzi kutsikira inayo. Psinjani kumbuyo ndi siponji, dzutsani sefa. Pepala latsala pansalu. Ikani nsalu ina pamwamba, pitirizani. Musanavuule lililonse vundulaninso, ndipo pakapita mapepala awiri kapena atatu onjezani phala kapu imodzi, apo ayi loyamba likhala ngati katoni, lakhumi ngati tishu. Oyamba makumi awiri adzang'ambika. Abwezereni mu beseni, palibe chotayika.

6. Kufinya ndi kuumitsa

Apa ndi pamene mavidiyo a pa intaneti amangoti "siyani liume" n'kudumpha. Amene amajambulawo sakhala ku Blantyre.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera. Unali mwezi wa July, mayi ena anandipatsa oda ya makhadi 120 a chinkhoswe cha mwana wawo. Ndinalonjeza masiku asanu chifukwa mu May ndinali nditapanga ochuluka choncho m'masiku anayi. Ndinavuula onse Lolemba. Lachiwiri kunacha chiperoni, phiri la Ndirande osaoneka, kamvula kowaza kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyandama. Kanakhala masiku anayi. Mapepala ndinawayala m'nyumba monse, pamipando, pabedi la ana, koma ukawakhudza ozizira ngati mphuno ya galu. Lachinayi ndinayamba kumva kafungo. Lachisanu timadontho takuda ta chuku tinali titamera m'mbali. Magetsi kunalibe, ndinabwereka simbi ya makala kwa aneba, kakhala kamodzi kanagwa n'kuboola atatu nthawi imodzi. Mayi aja atabwera anatenga khadi limodzi, kulinunkhiza, n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, nanga alendo tiwaitana ndi chiyani?" Ndinabweza ndalama yonse, ndipo kunena zoona kukalipa kukanakhala bwino.

Zimene ndinaphunzira ndi izi. Madzi ambiri azichoka ndi kufinya, osati ndi dzuwa. Mulu wa mapepala ndi nsalu zake, osapitirira makumi awiri, uikeni pakati pa matabwa awiri. Yambani kupondapo pang'onopang'ono, mukafulumira phala limathawira m'mbali. Kenaka imanipo ndi thupi lonse, musanjikepo njerwa ola limodzi kapena awiri. Amene angapeze jeke ya galimoto ndi felemu yachitsulo kwa owotcherera ku Ndirande, ameneyo wapeza chuma, chifukwa pepala limatuluka lolimba ndiponso losalala.

Mukafinya, chotsani nsalu zonyowazo muike zouma. Apa ndi pamene mashiti ambiri aja akugwira ntchito. Sanjikani motere: katoni, nsalu youma, pepala, nsalu youma, katoni, mpaka mulu, thabwa ndi njerwa pamwamba. Sinthani nsalu m'mawa ndi madzulo. Ndi ntchito yotopetsa, koma pepala louma lili lopanikizidwa limatuluka lowongoka ngati la m'shopu.

Njira ina ndi kumata pepala lonyowa pa galasi la windo kapena pa thabwa losalala, kulisalaza ndi burashi yofewa kuchokera pakati kupita m'mbali, n'kulisiya pamthunzi podutsa mphepo. Likauma limamatuka lokha, mbali imodzi yosalala bwino polembapo.

Chimene musachite ndi kuliyanika pa dzuwa la masana lopanda chopanikiza. Ulusi umafota ukamauma, ndipo m'mbali mumauma msanga kusiyana ndi pakati, ndiye pepala limapiringizika ngati chikopa cha mbuzi. Simbi siithetsa zimenezi, imangowongola lero, mawa labwerera. Ngati mukusita, sitani lili pafupi kuuma, nsalu pamwamba, moto wochepa.

Kudziwa kuti lauma: ligunditseni patsaya. Likamveka lozizira, madzi akadalimo ngakhale maso akuti lauma. Mukaliika mu pulasitiki lili choncho, mwaitana chuku, ndipo sitachi uja ndi ndiwo yake. Phala lotsala nalonso musalisiye mu ndowa kupitirira masiku awiri, limanunkha ngati matsukwa. Likhetseni, umbani mibulu, yanikani, mudzanyikanso tsiku lina.

Koma phunziro lalikulu ndi la kalendala. Osapanga pepala oda itabwera kale. Pangani mapepala opanda kanthu kuyambira August mpaka October, pamene mpweya uli wouma ndipo mulu umauma tsiku limodzi kapena awiri. Sungani mazana angapo m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, pamwamba osati pansi pa simenti, kutali ndi mphemvu ndi chiswe. Taonani masiku a malonda: Tsiku la Anakubala pa 15 October lili m'chilimwe, limenelo ndi lachifundo. Koma Khirisimasi ndi 14 February zili pakati pa dzinja, ndipo June ndi July ndi a chiperoni. Munthu wa nkhokwe ya mapepala oda ikabwera amangodula, kupinda ndi kukongoletsa. Wopanda nkhokwe amayang'ana kumwamba ngati mlimi.

7. Kumaliza khadi

Musanapinde, lembani mzere ndi kumbuyo kwa mpeni motsatira rula, kenaka pindani. M'mbali mwa manyanyatamo musadulemo, ndimo mumaonetsa kuti ndi la manja. Ambiri a makina osindikizira akana pepala lanu chifukwa ubweya wake umatseka makina, ndipo sakulakwa. Sindikizani mawu pa pepala wamba labwino, dulani, matani mkati. Kunja kongoletsani ndi kachidutswa ka chitenje, ulusi wa khonje kapena chidindo cha labala. Maluwa aziyamba auma m'kati mwa buku. Awo a jakaranda amene amadzaza misewu mu October amakopa, koma mukawaika aawisi amasanduka a bulauni.

8. Mtengo

Lembani zonse: envulopu, guluu, riboni, kusindikiza, madzi, makala, minibasi yokatenga mapepala, bandulo, pulasitiki yokulungira. Onjezani nthawi yanu, muiwerengere ngati mukulipira munthu waganyu. Ndiye gawani ndi makhadi ogulitsika okha, osati onse amene munavuula. Kwa ine, ngakhale pano, pa khumi alionse limodzi kapena awiri amakhala opyapyala mbali imodzi kapena a chiboo. Amenewo amalipiridwa ndi anzawo. Pamwamba pake ikanipo phindu.

Mtengo musaulembe pa chithunzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, guluu, riboni ndi maenvulopu zinakwera sabata yomweyo, koma zithunzi zanga zakale zinkayendabe m'magulu ndi mtengo wakale, anthu n'kumati ndawabera. Masiku ano ndikatchula mtengo wa oda ndimanena kuti ugwira masiku 7.

Wina adzati, "Zinyalala zomwezi mpaka ndalama zonsezo?" Musakwiye, musatsitse. Mutumizireni kavidiyo ka inu muli pa mtondo. Amene amafuna zotchipa apite kwa osindikiza wamba, si kasitomala wanu.

9. Pa foni

Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo ili ndi katalogi pomwe mumaika zithunzi ndi mafotokozedwe kuti musamatumize chimodzichimodzi kwa aliyense. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, ndiye ndi yokumbutsira anthu chabe. Tsegulaninso tsamba pa Facebook la dzina la geni yanu, losiyana ndi lija mumaikapo za kutchalitchi ndi za mpira.

Jambulani m'mawa pakhonde, pamthunzi, popanda fulashi, pa nsalu ya mtundu umodzi. Chithunzi chimodzi khadi likhale m'dzanja kuti aone kukula kwake, china chapafupi kuti ulusi uoneke. Osakometsa mtundu ndi mafiluta. Lembani poyera kuti makhadi a manja safanana ndendende, wina amakhala wotuwirako. Mukabisa zimenezi mudzazimva pa tsiku lopereka.

Amene amagula kwambiri si anthu ongodutsa pa intaneti ayi, ndi okonza maukwati, ogulitsa maluwa ndi makeke, malo ogona alendo, ndi maofesi ofuna makhadi othokoza kumapeto kwa chaka. Apatseni khadi limodzi laulere aligwire m'manja, pepala ili limagulitsidwa ndi zala. Maofesi ndi mahotela adzafuna invoisi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ndiye geni ikayamba kuyenda kalembetseni dzina lake kuboma musanataye oda yaikulu.

10. Chikole ndi mauthenga abodza

Oda yokhala ndi mayina a anthu simungagulitsenso kwina. Musayambe popanda theka la ndalama, ngakhale akhale alamu anu. Tumizani chithunzi cha mawu onse, mayina, tsiku, malo, nthawi, ndipo dikirani alembe kuti "zili bwino" musanasindikize. Mawu a pakamwa pa foni amakanidwa. Tsiku lolonjeza muziwonjezerapo masiku awiri a ngozi.

Khalani ndi Airtel Money ndi Mpamba zonse, ndipo gwirizanani poyamba kuti yotapira aika ndani. Chithunzi cha uthenga woti ndalama yatumizidwa si ndalama. Onani balansi nokha pa foni yanu. Wina akaimba kuti watumiza molakwitsa mumubwezere, onaninso balansi musanayankhe, kawirikawiri palibe chalowa.

11. Kutumiza

Makhadi akhale pakati pa makatoni awiri olimba, muwamange, muwaike mu pulasitiki, kenaka mu envulopu yaikulu yolembedwa "osapinda". M'tauni muno gwirizanani malo a anthu ambiri ngati ku Chichiri, kapena tumani wa kabaza mmodzi amene mumamudziwa, mumuuze kuti phukusi lisakhale pansi pa mpando pamodzi ndi zigubu. Ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu gwiritsani ntchito makampani otumiza katundu amene amapereka lisiti, mujambule lisitilo mutumizire mwini wake nthawi yomweyo. Kupatsira kondakitala wa basi ku Wenela n'kotchipa, koma phukusi likanyowa kapena kusowa mulibe pogwira. Ndalama yotumizira ikhale payokha, kasitomala aidziwe asanalipire chikole.

Achibale a ku Johannesburg kapena ku London akafuna, njira yabwino ndi kupatsira munthu amene akupita komweko, chifukwa kutumiza makhadi khumi pa ndege kumadula kuposa makhadiwo. Ndipo a kunja musawaikire njere za maluwa m'pepala ngati zimene mumaona pa intaneti, mayiko ambiri salola mbewu kulowa popanda chilolezo, phukusi lonse likhoza kutsalira pa bwalo la ndege.